Choko pa Matayala a Noah

Galimotoyo inamveka isanaoneke. Inkatsika phiri lochokera ku Mzuzu ikulira ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini, ndipo pokhota kulowa pa galaja ya a Cyrus Manda inanjenjemera yonse n'kugunda kawiri kunsi, gu! gu! Inali Noah yakale yotuwa, ya mtundu uja wokoka ndi mawilo onse anayi, nambala yake ya ku Blantyre.

Munatuluka mayi aatali, a zaka za m'ma sikisite, tsitsi laimvi lometa lalifupi, kuphazi nsapato zachimuna. A Manda anali pakhomo akumwa tiyi, koma mayiwo anangowadutsa. Anakaima pamene panatulukira miyendo iwiri kunsi kwa minibasi ina.

"Nyamhone ndiwe?"

Winnie Mhone anadzikoka n'kutuluka, sipanala ili m'manja. Pa boma ponse ankamutchula Winnie, madalaivala ankati makaniko wamkazi. Dzina la mfunda lija linkamveka kwawo kokha, ndiponso m'kamwa mwa anthu okamba za ukwati.

Ndipo masiku amenewo za ukwati zinalipodi. Davis Longwe, mphunzitsi wa pa sekondale, anali atatuma kale thenga kwa makolo a Winnie, iwo n'kuvomera. Koma kwa a Longwe nkhani yotere siitha asanalankhule ankhazi, mlongo wawo wa bambo a Davis, amene anapuma pa ntchito ya uhedi ku Zomba. Winnie anali asanawaonepo. Chimene chinafika ndi mawu awo okha, kudzera mwa Davis yemweyo: mtsikanayo asiye za pagalaja, banja la madikoni ndi aphunzitsi silingalandire mkamwana wogona kunsi kwa magalimoto. Yankho ankalifuna Lamlungu, ndipo anati abwera okha kudzalimva. Tsikuli linali Lachinayi, ndipo Winnie yankholo analibe.

"Ndine, ama," anatero akupinda maondo.

A Manda anabwera ndi kadi ya ntchito. "Tilembe dzina lanji, mama?"

"Lembani Nyaphiri."

Dzinalo analitchula ngati munthu wotola tomato pamulu osayang'ana. Winnie anaona nambala ya kummwera ija, anaona imvi zija ndi maso osasekawo, mtima wake n'kumaliza masamu onse. Ankhazi abwera msanga, ndipo abisa dzina kuti amuone bwino.

Analowa m'kachipinda ka zida, anasamba m'manja ndi sopo wa ufa kawiri, n'kumanga chitenje pamwamba pa ovololo.

"Kodi kwagwa maliro?" anafunsa a Manda atamuona. "Kapena Noah imeneyi ndi ya abusa?"

"Ada, chonde."

"Zaka zisanu ndili nawe pano, ine sunandivalireko chitenje."

Mayiwo sanaseke. Anakhala pa mpando wakale wa galimoto umene unali pansi pa mtengo wa mango, n'kunena chimene anabwerera. Phokosolo linawayamba atangodutsa pa Jenda, likumakula akathamanga, ndipo pokhota pang'onopang'ono galimoto inkachita ngati ikukana. Ku Mzuzu anawauza kuti vuto ndi propushafuti, chitsulo chachitali chija chimene chimapereka mphamvu ku mawilo akumbuyo.

"Ichotse, iziyenda ndi akutsogolo okha. Mawa m'mawa ndikupita ku Usisya."

Zochotsa propushafuti sizinali zachilendo. Ma Noah ambiri a pa boma ankayenda choncho, ndipo kuseri kwa galaja ya a Manda kunali mulu wa zitsulo zoterezi zikuchita dzimbiri. Phokoso limatha, mafuta imamwa ochepa, mwini wake amapita akuthokoza. Pa tala wa ku Mzuzu palibe chovuta. Koma uno unali mwezi wa Febuluwale, ndipo msewu wa ku Usisya umatsika phiri la dothi lofiira limene mvula ikagwa limasanduka phala. Winnie ankadziwa zonsezi. Ankadziwanso kuti mkamwana sauza ankhazi kuti alakwitsa, makamaka tsiku loyamba kuonana.

"Chabwino, ama."

Komabe manja ake anali ndi chizolowezi chawo. Asanamasule kalikonse anakweza galimoto pa jeke, n'kuikhazika pa zitsulo mawilo onse anayi ali m'mwamba. Anagwedeza wilo lililonse, dzanja lina pamwamba lina pansi. Maberingi anali olimba. Mphira za ma sivi, zotchinga mfundo za zitsulo zozunguza mawilo, zinali zosang'ambika. Anapempha a Manda kuti alize injini ndi kulowetsa giya, iye n'kulowa kunsi ndi sikuludiraiva yaitali, nsonga pa chitsulo, chogwirira pa khutu. Anamvetsera pa giyabokosi, pa beringi ya pakati pa propushafuti, kenako pa difu ya kumbuyo, kabokosi kogawira mphamvu ku mawilo awiri akumbuyo. Paliponse pankamveka kuyenda kosalala. Mawilo ali m'malere, njuchi zija zinali zitagona.

Zimenezi zinamuimitsa kanthawi. Chitsulo chowonongeka chimalira pansi, chimaliranso m'mwamba. Anamasula kachitseko ka oyilo pa difu n'kupisamo chala. Oyiloyo anali wakuda bii, akununkha ngati mafuta opserera m'chiwaya. Chinachake chinkakakamiza difuyo kugwira ntchito yoposa yake, ndipo chinkatero pokhapokha matayala akaponda pansi.

"Ukuchedwa chiyani kunsiko?" anafunsa mayiwo.

"Ndikumasula, ama."

Anamasuladi. Chitenje chinkakola pa jeke, chinkazinga miyendo, mpaka chinadetsedwa ndi girizi, koma sanachivule. Mayiwo ankafunsa mafunso ali pampando pomwepo, mawu awo osakwera, osatsika.

"Ntchitoyi anakukakamiza ndani?"

"Palibe, ama. Ndinaikonda ndekha."

"Zikhadabo zimenezo zimayera Lamlungu?"

"Zimayesetsa."

"Ana udzawayamwitsira kunsi komweko?"

Winnie analimbana ndi bawuti yomaliza. Propushafuti inatsika, a Manda anaikokera pambali ndi phazi.

Anapita kukaiyesa awiri, Winnie pa chiwongolero. Anadutsa pamsika, pa siteji ya minibasi, mpaka kudoko, kumene amtengatenga ankatsitsa matumba a makala m'boti. Phokoso lija panalibe. Mayiwo anagwedeza mutu ngati munthu amene zake zatheka.

"Waona? Nkhani yaing'ono."

Pamenepo Winnie akanatha kutembenuka. Mpaka lero sadziwa ngati anachita dala, koma anapitiriza kulowera ku Chikale, kumene tala amatha ndipo msewu umakwera mokhotakhota pakati pa miyala. Mvula inali itagwa m'mawa. Pakati pa chitunda mawilo akutsogolo anayamba kuzungulira pamodzimodzi, matope akuwaza m'magalasi. Galimoto inaima, kenako inayamba kubwerera chammbuyo, thako likulowera kumbali kumene kunali phompho. Amayi atatu osenza mabeseni a usipa anabalalikira m'tchire akukuwa.

Dzanja la mayiwo linafika pa handibuleki Winnie asanaiganize. Anaikoka pang'ono, kuisiya, kuikokanso.

"Chotsa phazi pa mafuta. Wongolera kumanzere. Pang'ono. Isiye itsike yokha."

Noah inatsetsereka mpaka inakaima pa mwala wa m'mbali mwa ngalande. Mmodzi wa amayi a usipa aja anatulukira m'tchire, beseni lili pamutu pomwe.

"Winnie! Ukufuna kutiphera nsomba za ngongole ya ndani? Galimoto zakufazi muziyesera kwanu!"

Winnie anazimitsa injini. Zinamudutsa m'mutu kuti ahedi opuma ntchito amadziwa bwanji kuseweretsa handibuleki chonchija, koma panali china chachikulu chimene ankafuna kunena.

"Ama, kachitunda aka ndi kamwana. Ku Usisya kuli amake. Galimoto iyi mmene ililimu simukafika, ndipo ngati mukafike pansi pa phiri lija, simukafika ndi mawilo."

"Ku Mzuzu anati..."

"Ku Mzuzu ananama, ndipo ine ndalakwa kuwamvera. Propushafuti ilibe mlandu. Ndaichotsa chifukwa ndimaopa kukutsutsani."

Mayiwo anamuyang'ana. "Nanga mlandu uli ndi chiyani?"

"Ndikuganiza kuti ndikudziwa. Tiyeni kumene kuli kosalala."

Pa boma malo osalala ndi ochepa. Anatsikira ku msewu wa kufupi ndi doko. Winnie anavula chitenje n'kuchiponya pa mpando wakumbuyo, anatulutsa choko m'thumba la ovololo, n'kulemba mzere woyera pa tayala lililonse, pansi penipeni pamene limakhudza msewu.

"Khalani pa chiwongolero. Muyende molunjika, pang'onopang'ono, mpaka ndinene."

Iye ankayenda chammbali, maso pa tayala lakutsogolo, akuwerenga mokweza nthawi iliyonse mzere ukafika pansi. Anthu a panjira anayamba kuima. Wina wogulitsa chinangwa chokazinga anayamba kuwerenga naye limodzi. Pa khumi Winnie anamenya chitseko ndi chikhatho.

"Imani! Tsikani mudzaone."

Mizere ya matayala akutsogolo inali pansi, monga anailembera. Ya akumbuyo inali pamwamba, ikuyang'ana kumwamba.

"Akutsogolo azungulira kakhumi, akumbuyo kasanu n'kanayi ndi theka," anatero Winnie. "Akumbuyowa ndi aakulu. Pa galimoto yokoka ndi mawilo awiri zilibe kanthu. Koma iyi mawilo onse ndi omangirirana, ndiye akutsogolo akuthamanga, akumbuyo akukana, zitsulo za pakati n'kumapsa. Kulira kuja n'kumeneko. Mukanayenda mwezi wina difu ikanatha."

Mayiwo anawerama, anawerenga manambala a m'mbali mwa tayala lakumbuyo, kenako lakutsogolo. Anadzuka akupukuta m'manja.

"Ndinagula ndekha pa kaunjika ku Limbe. Ndimati ikwere kumbuyo, isamagunde miyala kumudzi."

"Ambiri amatero."

"Ndiye ukuti ndalakwitsa."

"Mwalakwitsa, ama."

Wachinangwa uja anaseka. Winnie anamva ngati chitseko china chatsekeka patali, ndipo chodabwitsa n'chakuti sanamve kuwawa kumene ankayembekezera. Anaona kuti poti walowa kale m'madzi, kuli bwino angowoloka.

"Ndipo poti ndayamba kale mwano, ndimalize. Lamlungu musadzavutike kundifunsa. Davis ndimamukonda, koma pagalaja sindichoka."

Mayiwo anangotsegula chitseko. "Tiye ukabwezere chitsulo changa."

Ntchito inatenga masana onse. A Manda anapita okha kwa ogulitsa matayala n'kubwera ndi awiri ofanana ndi akutsogolo, akudandaula kuti msana wawo si wa anyamata. Winnie anakhetsa oyilo wopsa uja, anayang'ana pa kachitseko ngati pamatirira zinyenyeswa za chitsulo, anapeza fumbi lochepa chabe, n'kuthira watsopano. Anabwezera propushafuti potsata zizindikiro zimene anakhoma asanaichotse, kuti ikhale mmene inalili. Foni yake inalira kawiri pa benchi, dzina la Davis likuwala. Sanaigwire. Manja anali a girizi, komanso sanadziwe kuti ayambira pati.

"Chitenje chija chapita kuti?" anafunsa a Manda. "Maliro atha?"

"Atha, ada."

"Taika ndani?"

"Mudzamva Lamlungu."

Cha m'ma folo koloko anabwereranso ku chitunda cha ku Chikale, ulendo uno mayiwo akuyendetsa. Pa tala panalibe njuchi. Pokhota panalibe kugunda. Pa matope paja Noah inangokwera ngati mbuzi, mawilo onse anayi akugwira. Mayiwo ankayendetsa ndi dzanja limodzi, chigongono pawindo, ndipo pamwamba pa chitunda anaitembenuza pa kamalo kopapatiza kamodzi n'kamodzi, osabwerera kawiri. Anaimika moyang'ana kudoko n'kuzimitsa injini.

Winnie anapinda manja pamiyendo. "Pepani ngati ndalankhula mopyola, ankhazi."

"Ankhazi ake a ndani?"

"A Davis."

Kwa nthawi yoyamba mayiwo anaseka, kuseka kwakufupi kotulukira m'mphuno.

"Nyalongwe? Ameneyo ngakhale njinga sanakwerepo. Adzabwera Loweruka pa basi, ndi chikwama cha m'manja ndi buku la nyimbo, ndipo adzakufunsa mafunso aja ndakufunsa m'mawa, ndendende, mpaka la zikhadabo. Ndimawadziwa chifukwa anandifunsapo ine."

Winnie anatembenuka kuwayang'ana.

"Ine ndayendetsa malole zaka makumi atatu, Limbe mpaka Beira, Beira mpaka Limbe. Ndinayambira konkuno, pa esiteti ina ya tiyi. Ndinali pa banja, ndili ndi mwana mmodzi. Anandiitana pabwalo, anati mkazi wa dikoni sakwera lole, ndisankhe. Ndinasankha. Malowolo anali atapereka onse, ndiye mwana anatsala kwa bambo ake, monga mwa mwambo."

Pansi padoko boti lina linkanyamuka, injini yake ikumveka pang'ono.

"Ndiye mwabwera kudzandiuza kuti ndachita bwino?"

"Ayi. Ine ndinasankha ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati ndinakhoza. Lole ndinaikonda. Koma pali masiku ena ndinkaima pa Mwanza, n'kuona ana a sukulu akudutsa, osatha kuyendetsanso. Kwa a Longwe ndilibe mawu, sindingakuthandize. Mchemwali wanga wa ku Usisya anandiimbira foni, anati mwana uja akufuna kukwatira makaniko ndipo Nyalongwe wayambanso zake zija. Ndinangofuna kuona nkhope yako basi. Phokosoli ndiye linandipezera chifukwa."

Winnie anafunsa: "Mwana wake uti?"

"Davis anakuuza kuti mayi ake ali kuti?"

"Anati anachoka iye ali ndi zaka zitatu. Anati anamwalira ku Mozambique."

"A Longwe anamuuza choncho. Kunali kosavuta kuposa kufotokoza za lole." Mayiwo anasisita chiwongolero ndi chala chachikulu. "Makalata anga ankabwerera osatsegula. Kenako ndinasiya kulemba, limenelo ndi tchimo langa, sindinamizira munthu."

Foni ya Winnie inayambanso kulira m'thumba la ovololo. Anaitulutsa. Onse awiri anayang'ana dzina limene linkawala pagalasi, ndipo mayiwo anachotsa maso msanga ngati apsa.

"Yankha. Muuze za Lamlungu zija mmene wandiuzira ine, usachotsepo kanthu. Akakusiya chifukwa cha ovololo, ndiye kuti ndi mwana wa ankhazi ake. Akapanda kukusiya, umuuze kuti ku Usisya kuli munthu amene akhaleko sabata imodzi, ndipo msewu akuudziwa."

"Ndikamuuza kuti ndani? Nyaphiri?"

"Nyaphiri kulibe."

Foni inkalirabe. Winnie anaika chala pamwamba pake, osadina.

"Umuuze kuti Ellen Chiumia," anatero mayiwo. "Davis ndinabereka ndine."